Ndalama Imene Ndinalephera Kusintha

Zaka khumi ndi zinayi ndaima pa Mwami,
chikwama pamimba, malovu pachala,
kusandutsa kwacha wa kuno kukhala kwacha wa uko.
Pepala labodza ndimalidziwa ndi kulira kwake kokha.
Koma Lachiwiri lija Elifasi Njobvu
anamasula mfundo ya mpango wa malemu atate ake
n'kundiika m'dzanja kanthu kochepa ngati chikhadabo,
kokhota m'mbali, kakuda m'makwinya.
Akuti atate anaphikira wansembe wa Chitaliyana zaka makumi awiri,
ndipo tsiku lotsanzikana anawafumbatitsa kameneka:
siliva wa ku Roma wakale,
thukuta la tsiku lathunthu la munthu wina.
“Mundipatsa zingati? Feteleza wakwera.”

Ndinakapenda padzuwa.
Mbali iyi kuli mutu wa mwamuna wopanda thupi,
mphuno ngati mlomo wa nkhwazi, khosi lalitali,
masamba atazenga pachipumi ngati wodwala litsipa.
Akuyang'ana kumanja, cha ku Mchinji,
ndipo sanandipenye ngakhale ndinamutembenuza katatu.
Zilembo zomuzungulira zinadyeka ndi zala.
Wogulitsa mafuta, msilikali, mayi wa pamsika,
aliyense anachotsako pang'ono pa dzina lake
mpaka latsala theka, losatchulika.

Kuseri kuli manja awiri ogwirana.
Manja okha, odukira pamkono, opanda eni ake.
Elifasi anati ndi moni. Ine ndinaseka.
Ndagwirana chanza ndi anthu ochuluka pamalire pano,
ndikudziwa kuti mfumu sidinda mgwirizano pa ndalama
m'nyumba mwake mukakhala bata.
Wojambulitsa manja ndi uja sapeza tulo,
akumva asilikali ake akunong'onezana kunja.
Mwinanso dzanja ili lagwira linzake
kuti lisafike pa mpeni.

Nafenso tinali nazo za mutu wa munthu.
Ndili mwana ndinkagulira zitumbuwa ku Kapata,
kuseri kuli chimanga, kwina mbalame ya mlomo waukulu.
Lero zili m'zitini, pamodzi ndi mabatani ndi misomali yopindika.
Ndinaona ziro atatu akufufutika usiku umodzi,
mamiliyoni anga n'kudzuka ali masauzande,
ndipo palibe anafa, palibe analira maliro.

Iyi ufumu wake unagwa kalekale,
amene ankaiopa nkhopeyi onse ndi fumbi.
Koma nditaigwetsa pa simenti ya pakhonde la sitolo
inalira, ngii, motalika,
mpaka mnyamata wa njinga anacheuka.
Siliva sanamve kuti mfumu inafa.

Ndinayang'ana m'foni, mitengo yonse ya tsikulo:
dola, randi, shilingi, metikali.
Ya Roma munalibe.
Ndikanatha kutchula mtengo wa mabanzi awiri,
iye akanalandira, poti mvula inali itayamba kununkha
kumapiri a Kanjala.
Ndinamanganso mfundo ya mpango ndekha,
ndi zala zomwezi zozolowera kubisa pepala limodzi powerenga,
n'kumukongoza ya thumba limodzi,
adzabweze akagulitsa nsawa.

Tinagwirana chanza.
Ndinayang'ana pansi: manja awiri,
lake lokhakhala ndi khasu, langa losalala ndi ndalama za eni,
ndipo kufikira lero sindidziwa
kuti pa awiriwo ndi liti linkagwira linzake.