Usiku wa ku Łódź

Mayi Bogumiła amayatsa makina
sitima yomaliza ya m'misewu ikadutsa,
chipale chili mbuu pa mazenera a fakitale yakale
momwe amayi awo ankaomba nsalu
mpaka makutu anagontha.

Andipatsa chibulumwa cha pulasitiki yoyera,
chachifupi, chonenepa ngati kandulo ya m'tchalitchi.
"Tenthetsa, Wioletta, koma usasungunule.
Madigiri khumi pansi pa mzere wofiira.
Ikasungunuka imaiwala zonse."

Sindikumvetsa. Ndangolemba m'kope.

Chitsulo chikukankha kumbuyo, mwakachetechete poyamba,
singano ya geji ikunjenjemera, ikukwera,
makina akubuula ngati munthu wokweza firiji pa masitepe.
Kutsogolo kuli kabowo
kochepa kuposa batani la malaya anga.
Mphindi makumi anayi, zii.
Tiyi wazizira m'kapu.

Kenaka kamutu kasuzumira.
Kandodo kakutuluka kosathamanga, kosalala,
kowala ngati madzi oundana.
Choyera chija chapita kuti?
Ndikuona chala changa kuseri kwake.

"M'katimo munali maunyolo opotana,
uwu wagona uku, uwo uko,
ngati tsitsi la mwana wodzuka kumene.
Kabowo kawapesa.
Onse ayang'ana kumodzi."

Tikumangirira kandodoko pa makina okokera.
Singano yafika pomwe yosungunula ija inadukira Lachiwiri,
yadutsa,
ikupitabe.
Ndikuomba m'manja ndekhandekha.

Iwo sakuseka.
Atulutsa kampeni kosendera maapulo m'thumba la ovololo,
akalasa kunsonga, motsata utali,
ndipo kandodo kaja kang'aluka ng'aa
ngati nkhuni youma.

"Izinso lemba.
Chodutsa popanikiza chimalimba, inde,
koma kumbali imodzi yokha.
Amayi anga anakokedwa zaka makumi atatu ndi zinayi,
mizere ya buledi, mashifiti atatu, ife ana asanu,
osaduka.
Tsiku lomwe anakhoma loko pa geti ili
kunabwera kakalata ka mizere iwiri,
kochokera m'mbali."

Sakupitiriza.
Akupukuta kampeni pa bondo.

Panja galimoto yothira mchere mumsewu yadutsa,
nyali yake yachikasu ikuzungulira pa njerwa.
Ndikugwira zing'alu ziwiri zija, zikadali zofunda,
ulusi wake ukundibaya m'chikhatho.

"Bweretsa chibulumwa china," akutero.
"Ulendo uno tichidutsitsa pa ngodya,
tichitembenuze, tichidutsitsenso.
Tione ngati chingaphunzire
kulimba mbali ziwiri."