Sefa ya Dizilo pa Mtenguleni

Lole yatsokomola kawiri, yazima
titangodutsa Mtenguleni,
matumba a soya ali phee kumbuyo.
Makaniko wa ku Kapata akuti pafoni,
"Mazana anayi, musanandione n'komwe."
Ndadula.

Ndagona chagada pa saka,
sipanala yobwereka kwa Gelesomu
ikuterera ngati mlamba.
Sefa yakale yalira, yagonja,
dizilo watsikira m'khwapa mpaka m'nthiti.
M'kati mwake madzi, dzimbiri, matope bii:
ndiwo mafuta otchipa a m'zigubu aja.

Yatsopano ndaidzoza pamlomo,
ndamanga ndi dzanja, mounyengerera,
ndapopa, ndapopa, thovu lithe.

Kiyi.
Yakana. Kiyinso.
Yabangula!

Mazana anayi akadali m'thumba.
Za malayawa zokha
sindidziwa ndikawauza chiyani amake Tisa.