Makoko a Mkuwa

Lachiwiri lililonse ndikatha kuwamwetsa mapiritsi,
a Hedley Dodd amati, tiye kushedi.
Timadutsa pakati pa mizere ya kabichi wozizidwa,
iwo patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo ndi makiyi,
mphepo ya ku Rothbury ikutilasa m'makutu.

M'shedimo mumanunkha mafuta a mfuti ndi utuchi wonyowa.
Makoko a mkuwa andanda pathabwa
ngati ana a sukulu pa asembule,
m'mimba mulibe kanthu, kukamwa kuli yasa.
Awa, amatero, aomberedwa kasanu.
Ili lang'aluka pakhosi, lapuma pantchito.
Amaliponya m'chitini cha mabisiketi, ngwee.

Mfutiyo ndi mkulu wawo ndi zaka ziwiri.
Inabadwa nkhondo ili mkati,
boma litatopa nayo linaigulitsa ngati khasu lakutha.
Zipolopolo zake zikusowa m'sitolo,
zikapezeka mtengo wake umabaya kuposa izo zomwe,
choncho amadzipangira okha.

Koma manja ayamba kuwakana.
Wonga sufuna dzanja lonjenjemera.
Ukapyoza muyeso, amatero, imalipira ndi nkhope yako.
Ndiye ine ndimawawerengera sikelo mokweza,
monga ndimawerengera shuga wa m'magazi awo m'mawa,
iwo n'kulemba m'kope lachikuto chofiira
lomwe analiyamba mayi Maureen akadali moyo.
Masamba oyambirira zilembo zili chilili.
Omalizawa zikuyenda ngati nyerere zoledzera.

Kenako mpini.
Amautsitsa pang'onopang'ono, milomo italumana,
mpaka chipolopolo chikhale pampando pake, gwa.
Chimodzi.
Panja nkhosa zikutsokomola.

Sindinawauzepo kuti khoko lotere ndinaliona kale.
Agogo anga aamuna, a Mbalule, anali a Keyala.
Anabwera nalo kuchokera ku Burma m'thumba la jasi,
amasungiramo fodya wonunkhiza,
chitsekero chake kachidutswa ka chitsononkho.
Mfuti anaibweza ku Zomba, anachita kusainira chala.
Anatsala ndi mendulo ziwiri
ndi phewa lomwe limadzidzimuka lokha usiku.
Akagwedeza khokolo pachikhatho, tinkadikira chiyetsemulo n'kuseka.
Palibe mwa ife anafunsa
kumene kunapita chimene chinali m'katimo fodya asanalowe.

Tsiku lina ndinafunsa a Dodd,
mfuti yanuyi inaphapo munthu?
Anaipukuta kaye ndi kansalu, nthawi yaitali.
M'manja mwanga, anatero, yapha mapepala okhaokha,
zaka makumi anayi ndi zinayi, Lamlungu m'mawa,
ena mwa iwo ndinawaphonya.
Za m'manja mwa ena, thabwali silinena.
Pathako pake pali timizere titatu tochekedwa ndi mpeni.
Tonse tinatiyang'ana.
Tonse tinayang'ana kumbali.

Tsopano dokotala walemba kalata yake.
Laisensi siwonjezedwanso.
Lachinayi kubwera wapolisi waulemu,
adzavula nsapato pakhomo, adzatsekula kabati yachitsulo,
ndipo adzalandira tiyi asananyamule.

Lero tapanga khumi, zomaliza.
Mdzukulu wa mnzawo akaziombera kuchandamale Lamlungu,
iwo atakhala pampando, bulangete m'maondo,
makutu atatseka, akuwerenga ndi milomo.

Potuluka apisa dzanja m'chitini cha mabisiketi
n'kundipatsa long'aluka pakhosi lija.
Ndi lachabe, atero, sungachite nalo kanthu.
Ndalifumbata mpaka pamalo okwerera basi.
Linali lozizira, kenako lafunda.

Basi yachedwa.
Ndaliika pamlomo wam'munsi n'kuuzira,
monga tinkachitira agogo akagona masana,
ndipo lalira, fiii, kamodzi,
mawu ake omwe aja,
mpaka galu wa tsidya la msewu watukula mutu.