Oyilo Wakuda ndi Mkungudza

Nyumbayi anaimanga ndi mitengo yogoneka,
wina pamwamba pa unzake, yolumana m'makona
ngati zala za munthu amene akudikira yankho.
Mkungudza wonsewu unatsika m'phiri pamitu ya anthu.
Mutu umodzi unali wa bambo anga, a Mukhwapa,
omwe anapita kumanda ndi dazi la nkhata paliwombo.

Ndinaigula itatha.
Mzungu wa zankhalango anachoka ine ndisanabadwe,
kiyi anasowa,
mileme inalowa ufumu kudenga.
Malata anali sefa:
ukagona chagada unkaona Chambe akusuzumira.
Pa Likhubula anthu anaseka mpaka kugwira nthiti,
amvekere: "Mwana wa Mukhwapa wagula nkhuni,
mtolo wake wa makomo awiri!"

A Namathanga, mmisiri wa diso limodzi,
anabwera Lachiwiri, osapereka ndi moni womwe.
Anayenda ndi mpini wa hamala,
go! go! pamtengo uliwonse, khutu atagunditsa.
"Uwu uli moyo. Uwu uli moyo.
Uwu wagona."
Itatu yokha ndiyo inagona, ya m'munsi,
momwe mvula ya zaka makumi asanu ndi awiri inkathovukira.
Chiswe chinalawa, chinalavula.

Tinabwereka jeke wa lole ku Chitakale
n'kunyamula nyumba yonse m'mwamba, pang'ono chabe,
poti n'kulowa mkono.
Inabuula.
Pansi pake tinapeza kobiri loboola pakati,
chikhakha cha njoka,
ndi mizere yotema ndi mpeni pamtengo wachitatu,
isanu, isanu, isanu, kenaka iwiri.
Bambo sankadziwa kulemba, ankawerenga maulendo motero.
Kaya ndi yawo, sindidziwa.
Mtengowo sindinautaye.

Mkungudza watsopano ukaupeza kuti lero?
Phiri nalo lachita dazi.
Tinagula mitanda yakale ya shedi ya tiyi yomwe inagwa,
ndinazula misomali yadzimbiri milungu itatu,
chala chamanthu chinada bii, chikhadabo n'kuchoka.

Koma nyumba sidyetsa munthu.
Ine ndimadya za njinga zamoto:
tcheni, mapulagi, mabuleki olira ngati ana a mbuzi.
Ndiye pambali pake tinayala maziko a galaja,
mitengo ya paini, yogoneka chimodzimodzi,
makona olumana, khonde lofanana,
chitseko chokha chachikulu, cholowa njinga ziwiri pamodzi.
Itatha inayera mbuu pafupi ndi inzake,
mlendo wovala zatsopano pamaliro.
A Namathanga anaiyang'ana ndi diso lawo lija,
n'kuloza mgolo wa oyilo wakutha.
Tinapaka katatu.
Paini anamwa, anamwanso, anada.

Tsopano ukaima pamseu, fumbi la minibasi litakhazikika,
ungalumbire kuti zinabadwa tsiku limodzi.
Koma chiperoni chikatsika, masiku atatu osaona dzuwa,
mphuno sinamizika.
Yakale imatulutsa fungo lija
lomwe linkatsalira m'malaya a bambo
mayi atawachapa kale kumtsinje.
Yanga imanunkha girizi ndi petulo,
ndipo chiswe chatumiza kale azondi pangodya ya kumvuma.

Kuseri ndinadzala mbande makumi anayi za mkungudza.
Zagwira khumi n'imodzi.
Akuti kuno kumunsi n'kotentha, sizidzakula.
Ndimathirirabe ndi chigubu cha oyilo chodula pakamwa.

Dzulo mnyamata wakabaza, Sakwata,
anafika akukankha njinga, tcheni chili m'thumba.
Anapukuta thukuta, nayang'ana uku, nayang'ana uko.
"Achemwali, yakale ndi iti pamenepa?"
Ndinali chogwada, manja ali bii.
"Patse sipanala ya teni," ndinatero,
"kenaka pita ukanunkhize."