Wokonza Masikelo wa ku Kapata

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pa benchi iyi,
kuseri kwa msika wa Kapata, pafupi ndi ogulitsa makala,
ndikumasula masikelo odwala.
Sipulingi yotopa ndimaidziwa ndi kulira kwake.
Ndimadziwanso imene mwini wake waiphunzitsa bodza.

Chaka chilichonse amabwera mnyamata wa boma
ndi kabokosi ka miyala yachitsulo yokulunga m'nsalu.
Amaika kilo pa mbale, nayang'ana muvi.
Ukaperewera ngakhale ndi chikhadabo,
sikelo amanyamula, mwini wake alipira faindi.
Sindimuda. Kilo ikhale kilo.

Koma dzana ndinamufunsa:
Bwana, nanga kwacha amaiyeza ndani?
Anaseka, nati funso limenelo n'la ku Lusaka.

Zelipa Miti, wa nshawa pa mzere wachitatu,
anayamba kusunga za malata mwana ali kumsana.
Malata makumi atatu, maloto ake onse ndi omwewo.
Ankapinda ndalama m'chitini cha mkaka,
nyama osagula, njinga ya hayala osakwera,
wapansi mpaka ku Mchini, dengu pamutu.
Lero mwanayo ali giredi seveni,
chitini chadzaza, chivundikiro chikukana,
ndipo ku hadiweya amuuza kuti zikwana khumi ndi awiri.
Chitseko palibe anathyola. Galu sanauwe.
Wawerenga kawiri, ndalama zonse zilipo.
Malata khumi ndi asanu ndi atatu alowera kuti?

Ine nditati ndijambule pepala limodzi la handiredi
ndikagona ku Namuseche, mutu ali mpala.
Iwo akachulukitsa mapepala omwewo
amamanga taye, naitana atolankhani,
nazitcha dzina lalitali lachizungu.
Mkaka ndi womwewo, authira madzi,
kenaka adabwa pa wailesi kuti tiyi wasukuluka:
vuto ndi chilala,
vuto ndi nkhondo ya kutsidya kwa nyanja,
vuto ndi Zelipa, wakweza nshawa.

Ati tichize nthendayo, akweza chiwongoladzanja.
Mlamu wanga Yotamu anafuna ngongole ya chigayo.
Banki inamupatsa mpando, madzi ozizira, ndi ayi.
Ibwereke bwanji munthu wa chigayo
pamene boma laima pakhomo ndi mtanga waukulu,
likulonjeza kubweza ndi misonkho ya ana osabadwa?

Ndalamazo ndimaziona zikudutsa mumsewu.
Zili ndi matayala anayi ndi magalasi akuda,
zikupita ku loji kukakambirana za umphawi wanga,
masiku atatu, alawansi, nkhuku masana.
Zina zagona ku siteshoni ya sitima
kumene mbuzi zimadya udzu pakati pa njanji.
Chaka cha masankho zimasanduka zitenje
ndi thumba la feteleza lofika chimanga chitamasula,
ife n'kuvina mpaka fumbi kobo,
kuthokoza munthu amene watibwezera
phiko la nkhuku yathu yomwe.

Sindikupempha thandizo. Ndatopa n'kuthandizidwa.
Ndisiyeni ndigulitse kwa amene ndamufuna
pa mtengo umene tagwirizana awiri,
kaya pano, kaya pa Mwami,
kaya andilipira ndi ndalama, kaya ndi nyemba.
Amene wadya ngongole aibweze ndi thumba lake.
Chotsani chala pa mbale, basi.

Madzulo ndimatseka bokosi la zida.
Pansi pake pali mwala wa kilo umene anandisiyira bambo,
wakuda, wosalala chifukwa cha manja.
Nthawi zina ndimaunyamula popanda chifukwa.
Wadutsa maboma angati, sindiwerenganso,
koma ukulemera chimodzimodzi.

Zelipa akuti khumi ndi awiriwo akagula mawa m'mawa
asanasanduke khumi.
Chipinda chinacho afolera ndi pulasitiki.
Wandipempha waya wotsala womangira,
ndipo ndamupimira mamita asanu, okwana.