Nyali za Siyala

Kutatsala masiku awiri kuti Siyala ifike,
pepala lamitundu linakwera mtengo pa Boma.
Saujati, mng'ono wanga, anabwerako chimanjamanja,
mapazi ali mbuu ndi fumbi la pa mlatho.

Ndiye tinatsegula sutikesi ya malemu bambo.
Pansi pa mkanjo ndi kofia yofwifwa
munali mabuku atatu a ku okala,
onunkhabe sopo ndi parafini.
Mayi anayang'ana, natuluka kukaanula zovala.
Sanati inde. Sanati ayi.

Nsungwi tinadula kuseri kwa Che Ajibu,
n'kuzing'amba, n'kuzipala ndi mpeni wobuntha
mpaka zinavomera kupindika osathyoka.
Ulusi tinatola pakhonde pa telala,
wofiira apa, wakuda apo.
Chomatira chinali phala la ufa wa chinangwa
lomwe nyerere zinalimva tisanaliphule n'komwe.

Yoyamba inapendama ngati wodwala msana.
Yachiwiri inapsa tikuyesa, lawi kuti phuu,
Saujati n'kuseka mpaka kugwa pa mkeka.
Yachitatu ndiyo inatiphunzitsa:
kandulo mudule pakati,
mumukhazike mumchenga, m'kachitini ka tomato,
pamwamba musiyepo pakamwa,
moto nawonso umapuma.

Zolembedwazo sitinawerenge.
Ife tinkangong'amba ndi kumata,
zala zili nyatanyata, mwera ukutilanda masamba.

Usiku uja Mpondasi yense anali pabwalo,
madufu akugunda, amayi atavala zoyera,
akabaza akuliza mabelu m'khamu.
Tinakoleka nyali khumi ndi ziwiri pachingwe
kuchokera pa mgwalangwa kukafika pa mtengo wa mango,
n'kuyatsa.

Pamenepo bambo anayamba kuyankhula.

Abiti Sumani, shuga theka, mawa.
Che Mdoka, mabatire awiri, mwezi ukatha.
Aphunzitsi a Kalonga, machesi, sopo, panado.
Zilembo zawo zopendekera kumanja zija
zili ngwee, moto uli kumbuyo kwake,
zina zokhwatchidwa, zambiri ayi.

Manyazi anandigwira pakhosi.
Ndinathamanga kuti ndikazime,
koma Che Mdoka anali atafika kale,
mphuno pafupi ndi pepala, chala chikutsata mzere.
"Ili ndi dzanja la Twaibu," anatero.
Anakhala chete, kenaka:
"Mabatire amenewa ndinamvera uthenga wa maliro a mlongo wanga."

Abiti Sumani anakuwa kuitana mwana wawo,
chimnyamata chandevu, njinga ili m'manja:
"Amidu, taona! Shuga uyu ndinamwera phala
tsiku lomwe unabadwa iwe!"

Anthu anaunjikana ngati zatuluka zotsatira za mayeso,
aliyense kusaka dzina lake.
Wina analisowa, n'kudandaula
kuti iyenso ankakongola, bwanji sanalembedwe.
Mayi anaima patali, mpango ali nawo pakamwa,
sindikudziwa ngati ankaseka.

Nyali zinayi zinapsa usiku womwewo,
zina mame anazifewetsa.
Palibe anatulutsa ndalama,
ifenso sitinafunse.

M'mawa Saujati akusesa
anapeza mabatire awiri pakhomo, atsopano,
okulungidwa m'kapepala ka pulasitiki.
Okala inatsekedwa zaka zinayi zapitazo,
wailesi tinagulitsa chaka cha njala.
Mayi anawatembenuza m'manja kanthawi,
nakawaika m'sutikesi, pamwamba pa kofia,
n'kutiuza kuti tikachape mphika wa phala uja
nyerere zisanatilowere m'nyumba.