Chipsera cha pa Thanki

Twaibu wa ku Songani anabwera ndi amalume ake
Lachinayi, mvula isanatsike m'phiri,
nagogoda thanki ndi chala chopinda
ngati mayi woyesa dzungu pamsika.
Ine chilili pageti la galaja ku Chinamwali,
makiyi akutuluka thukuta m'dzanja.

"Yayenda mtunda wotani?"
Ndinamuonetsa wotchi.
Zoti wotchiyo inaima dzana ilo sindinanene.
"Nanga mafuta imamwa bwanji?"
Ndinati imangolawa.
Amalume anaseka mpaka kutsokomola:
njinga ya wogulitsa aliyense imangolawa.

Nanenso ndinaigula chomwechi,
kwa mnyamata wothamangira basi ya ku Joni.
Analumbira pali mayi ake kuti sinagwepo.
Yofiira, yowerama ngati galu wonunkhiza mbewa,
mpando wa munthu mmodzi ndi theka.

Lamulungu, apolisi asanamwe tiyi,
tinkakumana asanu m'tsinde mwa phiri.
Kubetcha kwake malita atatu basi,
wofika woyamba padamu la Mulunguzi amwetse yake.
Msewu wa ku Chawe ndi matumbo a mbuzi.
Ukaugonera, bondo limanyambita phula,
anyani amasiya zodya zawo pakati pa msewu,
ana a masitiroberi amakumbatira mbale
n'kukuwa mayina athu molakwitsa.
Pamwamba tinkavula zipewa, makutu ali ngwii,
tauni yonse ili pansipo, yaing'ono,
ngongole zathu zosaoneka n'komwe.

Chala cha Twaibu chinaima pa sitika ya chiwombankhanga.
Anaimatula pang'ono ndi chikhadabo.
"Nanga apa?"

Yankho ndinali nalo kale, ndinaliphika usiku:
inagwa yokha itaimikidwa, mphepo ya mwera.
Koma pakamwa panatuluka zina.
Ndinati ndi pakhona yachinayi, tsiku la nkhungu.
Dinala anali patsogolo panga mikono iwiri.
Tayala lake linaponda masamba onyowa a paini.
Ndinagwira mabuleki onse. Sanakwane.
Apapa ndi pamene panafika chiuno chake.

Amalume anachotsa chisoti, nachivalanso,
kenako anachotsa masauzande mazana awiri pamtengo.
Choonadi chili ndi mtengo wake ku Chinamwali.

Sindinawauze kuti Dinala ali moyo,
amakhala m'kakhumbi kachitsulo pa Mpondabwino,
amatumizira anthu ndalama pafoni,
ndodo itatsamira pakauntala.
Sanandinenepo kanthu koipa.
Koma ndikamadutsa amadzutsa mutu ndisanaonekere,
amaidziwa ikamatsokomola pa giya yachiwiri,
ndipo amakweza dzanja, kumwetulira.
Kumwetulirako ndiye kwandigulitsitsa njingayi,
osati fizi ya mwana, monga ndinauzira Abiti Sanudi kunyumba.

Tinawerenga ndalama pampando, kawiri,
mwala utapsinja mulu uliwonse.
Twaibu akuti akawotcherera kaliyala kumbuyo,
azikanyamula anthu awiriawiri njira ya ku Jali,
tsiku la msika matumba a nandolo, mwina mbuzi.
Ndinafuna kumuuza kuti siinabadwire zimenezo.
Ndinangoti: oilo usamachedwe naye,
ndipo m'mawa uziyamba waisiya idandaule kaye.

Kubwerera ndinakwera kabaza wopalasa,
ndalama m'sokosi, chipewa pamiyendo ngati mphika wobwereka.
Pa Mpondabwino ndinatsika.
Dinala anali wowerama, akulemba manambala m'kope.
Ndinaima pamaso pake nthawi ndithu, osandiona.

Kenako kutali, cha kumsika waukulu,
mwina Twaibu anapita kukaionetsa kwa anzake,
china chake chinatsokomola pa giya yachiwiri.
Tonse awiri tinatembenuka.

"Mwana ameneyo akuchedwa kusintha giya,"
anatero Dinala, cholembera chili m'mwamba.
Ndinati eya, akuchedwa.
Anandisendezera benchi,
ndipo mvula ija inatsika m'phiri, inatipeza pomwepo.